Galu wosaka, kampeni ya ukhansala ndi za pakhomo: ndisiye chiti?

Funso ili lachokera kwa bambo wina wa ku Malawi amene akukhala ku England:

"Ndakhala kuno zaka zambiri, panopa ndili m'mudzi wina ku Norfolk. Anzanga a kuno anandilowetsa m'gulu la anthu ovumbulutsa mbalame m'tchire nyengo yosaka ikafika, ndipo ndinaikonda ntchitoyi mpaka ndinagula galu wa mtundu wa springer spaniel kuti ndimuphunzitse ndekha. Pano ali ndi miyezi 10. Kenako anthu a m'wodi yathu anandipempha kuti ndiime pa chisankho cha khansala cha mu Meyi ngati woima payekha, ine n'kuvomera. Ndimagwira ntchito kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko, tili ndi ana awiri a ku pulayimale, mayi awo amagwira ntchito ya mashifiti kuchipatala. Chiyambireni zokonzekera kampeni, galu wasintha. Ndikamuimbira wezulo amangopitirira, sabata yatha anathamangitsa kalulu mpaka kutsidya kwa munda wa eni, ndipo ndikamuponyera dummy, kathumba koimira mbalame, akumathawa nako. Kunyumba nako nkhope zayamba kugwa. Kwatsala milungu 7. Kodi galuyu ndamuwononga? Ndizimutenga pogogoda m'makomo kuti zonse ziyendere pamodzi? Kapena ndisiye chimodzi?"

Achimwene, mtima m'malo. Galu wa miyezi 10 amene wathamangitsa kalulu kamodzi sanawonongeke, ndipo palibe chimene mukuyenera kusiyiratu. Vuto ndi loti zinthu zitatuzi mukuzipatsa changu chofanana pamene changu chake n'chosiyana. Masiku a chisankho anaikidwa ndi lamulo, sasuntha. Mashifiti a mayi ndi belu la kusukulu nazo sizisuntha. Chokhacho chimene chingadikire popanda kutayika ndi maphunziro a galu, malinga ngati mwatseka mipata yoti azidziphunzitsa yekha zoipa.

Tiyambe ndi galuyo, poti ndi pamene mtima wanu wagona. Msinkhu umene ali nawo ndi wa unyamata. Kagalu kamene kanali kosatha kuchoka pa mapazi anu kali ndi miyezi 4 tsopano kazindikira kuti mphuno yake imagwira ntchito, ndipo spaniel anabadwira kusaka. Onjezanipo nyengo: mu Malichi ndi Epulo tiana ta akalulu tili ponseponse m'mipanda, mbalame zikumanga zisa pansi, fungo lili thoo m'udzu. Ndiye palinso mbali yanu. Munthu wa pa kampeni amatuluka ndi galu m'mawa, kumumasula, iye n'kuyamba kuyankha mauthenga pa foni. Galu ali mamita 50 kutsogolo, akusaka payekha, ndipo akuphunzira kuti zokoma zonse zili kutali ndi mwini wake. Kudumpha maphunziro sabata yathunthu sikuwononga galu wosaka. Chomuwononga ndi maulendo oterewa, chifukwa kuthamangitsa kalulu kumamukomera kuposa chakudya chilichonse chimene mungamupatse, ndipo akabwereza katatu kapena kanayi chimakhala chizolowezi chovuta kuchotsa.

Ponena za nthawi, galuyu sakuchedwa. Ku England nyengo yosaka nkhwali za partridge imayamba pa 1 Sepitembala, ya pheasant pa 1 Okutobala, ndipo zonse ziwiri zimatha pa 1 Febuluwale. Mu Okutobala galu wanu adzakhala ndi miyezi pafupifupi 17. Ophunzitsa agalu ambiri salowetsa spaniel mumzere wa ovumbulutsa asanakwane chaka ndi theka, ena amadikira mpaka zaka ziwiri. Ine ndinganene kuti muike maso pa Januwale, nyengo ikupita kumapeto mbalame zitachepa, ndipo ngakhale pamenepo apite theka la tsiku, nthawi yambiri ali pa chingwe. Mukatero muona kuti chisankho chikatha mudzakhala ndi miyezi yambiri ya masiku aatali yoti muphunzitse modekha. Ntchito ya milungu 7 ikubwerayi ndi yosunga zimene akudziwa kale basi.

Choyamba, lekani kumumasula kuti azingoyendayenda. Gulani chingwe chachitali cha mamita 10 ndipo muchimange pa harness, lamba wozinga chifuwa cha galu. Musachimange pa slip lead, chingwe chokola m'khosi, chifukwa galu wothamanga akafika kumapeto kwa chingwe chachitali chili pakhosi atha kuvulala. Valani magolovesi, chingwe chimatentha m'manja. Palinso za malamulo zimene munthu wofuna mavoti a alimi sayenera kuphonya. Pansi pa lamulo la Countryside and Rights of Way Act ya 2000, pa malo otseguka amene anthu amaloledwa kuyendapo galu ayenera kukhala pa chingwe chosapitirira mamita awiri kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julayi, chifukwa cha mbalame zoikira mazira pansi, komanso nthawi iliyonse pamene pali ziweto pafupi. Ino ndi nyengo imene nkhosa zikuswa. Kuthamangitsa nkhosa ndi mlandu ngakhale galu asalume, ndipo lamulo limateteza mlimi amene wawombera galu pamene panalibe njira ina yopulumutsira ziweto zake. Mudzi ndi waung'ono, nkhani ya galu wa ofuna ukhansala atalowa m'nkhosa za munthu imafika khomo lililonse timapepala tanu tisanafike.

M'mawa dzukani mphindi 30 ana asanadzuke, foni isiyeni m'nyumba kapena ikhale m'thumba yotseka mawu. Sankhani malo a udzu waufupi opanda fungo la nyama, ngati bwalo la masewero kumene agalu amaloledwa. Mphindi 10 zoyamba zikhale za zinthu ziwiri zokha, kuitana ndi kuimitsa. Eni ake ambiri a ma spaniel amagwiritsa ntchito wezulo ya Acme 210.5, ndipo chizolowezi chake n'chakuti kulira kumodzi ndi "khala pansi pomwe ulipo", kuwiri ndi "tembenuka", kulira kofupikafupika kotsatizana ndi "bwera kuno". Poimitsa, yendani naye pambali panu ali pa chingwe, imbani kamodzi, imani, kwezani dzanja, akhale pansi. Muyamikireni ali chikhalire, kenako pitirirani. Akazolowera, muziimba inu osaima mpaka azikhala yekha inu mukupitirira masitepe awiri kapena atatu. Poitana, yambirani pafupi, mamita atatu kapena asanu, pamene wayang'ana kale kwa inu, ndipo akafika mupatseni kanthu kabwino monga kachidutswa ka nkhuku yophika yopanda fupa. Nthawi ya chakudya imbani wezulo yoitanira musanaike mbale pansi. Izi sizidya ngakhale mphindi imodzi koma zimachitika kawiri tsiku lililonse.

Lamulo lalikulu pano ndi ili: musaimbe wezulo pamene mukudziwa kuti samva. Galu akakhala kuti wanyamuka kale kumbuyo kwa kalulu, kuimba kasanu kumangomuphunzitsa kuti kulirako kulibe tanthauzo. Pitani mukamutenge, mumangeni chingwe mwakachetechete, mubwerere naye pamalo pamene anayambira kusamvera, akhale pansi, muimbe kamodzi. Ndipo akabwera yekha, ngakhale mochedwa bwanji, musamukalipire kapena kumumenya. Iye amagwirizanitsa chilango ndi chinthu chomaliza chimene wachita, chomwe ndi kubwera kwa inu.

Mphindi zotsalazo zipatseni mphuno yake, chifukwa spaniel wosasaka amaphulika ndi mphamvu. Musaketseni pafupi ndi mapazi anu. Yang'anani kumene mphepo ikuchokera, muziyenda mokhotakhota molunjika komweko pang'onopang'ono, chingwe chachitali chikukokeka pansi. Iye akayang'ana kumbali, gwetsani mpira wa tenisi m'udzu mamita atatu kapena anayi kuchokera pamene mwaima, imbani kawiri, mulozereni ndi dzanja, aupeze. Akaupeza kangapo pafupi nanu amayamba kukhulupirira kuti zinthu zimapezeka kumene inu mwaloza. Musamulole kupitirira mamita 10 pakadali pano. Galu wovumbulutsa mbalame patali kuposa pamene mfuti ingafike alibe ntchito m'tchire, ndipo mtunda umakula wokha galu akamakula, choncho yambirani pafupi kwambiri. Mphindi 15 za kusaka kotereku zimamutopetsa kuposa ola loyenda mumsewu.

Nkhani yothawa ndi dummy, kathumba kaja ka nsalu yolimba koimira mbalame, imabwera kawirikawiri pa zifukwa zitatu. Mwina mukumuponyera kambiri mpaka chinthucho chasanduka choseweretsa. Mwina mumamulanda msanga akangofika, ndiye waona kuti kubweretsa ndi kutaya. Kapena wina pakhomo anamuthamangitsapo ali ndi chinthu kukamwa, iye n'kupeza masewero okoma. Musiyeni masiku asanu osaona kathumba n'komwe, njala yake ibwerere. Poyambiranso, sankhani kanjira kopanikizika, monga pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda, koti alibe kothawira kupatula kubwera kwa inu. Gwiritsani kathumba kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, ponyani pafupi, ndipo akatola njutani pansi, muyang'ane kumbali pang'ono, manja asatambasukire kwa iye. Akafika musisiteni pachifuwa kathumba kali kukamwa, muwerenge mpaka 5, ndiye mulandire mofatsa kuchokera pansi pa chibwano. Akayamba kuzungulira, tembenukani muziyenda kumusiya, adzakutsatirani. Kawiri kapena katatu pa tsiku n'kokwanira, masiku ena osaponya n'komwe. Ndipo pa timatumba titatu timene mwaponya iye ali chikhalire, tiwiri kazitoleni nokha iye akuonerera. Umo ndi mmene galu amaphunzirira kuti si chilichonse chogwa chimene chili chake, ndipo zimenezi ndizo zidzamuletse kuthamangira mbalame asanatumidwe.

Zatsopano zonse zidikire. Kumuzoloweza kulira kwa mfuti makamaka musakuyambe muli wotopa komanso wothamanga, chifukwa galu akaopsedwa kamodzi ndi mfuti yolira pafupi, kumuchotsa manthawo kumatenga miyezi, ndipo ena sachira.

Masana pali funso limene simunalitchule: akumutulutsa ndani pakati pa 9 ndi 5 pa masiku amene mayi ali ku shifiti? Bungwe loteteza nyama la RSPCA limalangiza kuti galu asasiyidwe yekha maola opitirira anayi. Ngati mukulemba munthu woyendetsa agalu, muuzeni momveka kuti wanu ayende pa chingwe, payekha, kapena angomutulutsa kuseri kwa nyumba. Maulendo a gulu, agalu asanu omasulidwa m'nkhalango, amagwetsa m'sabata imodzi zimene mwamanga m'mawa uliwonse. Popeza kuthamanga kwachepa, yezani chakudya chake pa sikelo m'malo mongotunga ndi kapu, ndipo nthiti zizimveka mukamusisita. Gawo lina la chakudya chamadzulo limwazeni m'udzu kuseri kwa nyumba kuti alifunefune ndi mphuno. Imeneyi ndi ntchito yoti ana angaichite inu muli m'makomo.

Tsopano za kupita naye pogogoda. Yankho langa ndi ayi. Khomo lililonse lili ndi zake: agalu a eni ake amene adzauwa n'kuthetsa kukambirana kusanayambe, amphaka, nkhuku, anthu oopa agalu, ndi ena amene safuna galu pakhomo pawo. Manja anu adzadzaza ndi timapepala, ndandanda ya ovota ndi cholembera, maso anu ali pa munthu amene mukulankhula naye. Galu adzakoka chingwe maola awiri osadzudzulidwa, adzalumphira anthu iwo n'kumusisita, ndipo mudzakhala mwamuphunzitsa bwinobwino kukoka ndi kulumpha. Ovota nawo adzakumbukira galuyo, osati zimene munanena za basi ya m'mudzi kapena ngalande yotsekeka. Chimene ndingavomereze n'chakuti, ngati kuyenda pambali panu kwakhazikika, mutha kumutenga mphindi 20 pogawa timapepala mumsewu umodzi wabata kumene simukugogoda, azikhala pansi pa geti lililonse. Pamenepo cholinga chikhale galu, timapepala n'tongoperekeza.

Maulendo a pakhomo ndiwo angamuthandize kwambiri. Mutengeni m'galimoto ali m'bokosi lake kapena womangidwa ndi lamba wa agalu, monga lamulo 57 la Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, likufunira. Mukasiya ana kusukulu, imani naye patali ndi geti, poti sukulu zambiri sizilola agalu m'kati, akhale pansi mphindi zitatu ana akudutsa ndi phokoso lawo. Kukhala phee zinthu zikuchitika ndi theka la ntchito ya galu wosaka. Musamumangirire panja pa sitolo, agalu a mtundu uwu amabedwa. Musamusiyenso m'galimoto poganiza kuti Epulo ndi wozizira: RSPCA imachenjeza kuti kunja kukakhala madigiri 22, m'galimoto mutha kufika 47 m'ola limodzi. Pamalo a anthu onse kolala yake ikhale ndi dzina ndi adiresi yanu, ngakhale ali ndi microchip, kachipangizo ka pansi pa khungu komuzindikiritsa.

Tibwere ku chisankho, kumene kulakwitsa tsiku limodzi kumathetsa zonse. Zisankho za makhonsolo ku England zimachitika Lachinayi loyamba la Meyi. Poyamba tsimikizani kuti ndinu wololedwa kuima. Nzika ya dziko la Commonwealth ngati Malawi imatha kuima ikakhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chija amati indefinite leave to remain, kapena ikakhala kuti sifunika chilolezo. Ngati munatenga unzika wa Britain ndiye palibe nkhani. Wolembedwa ntchito ndi khonsolo yomweyo saloledwa kuima. Mapepala olembetsera amafuna anthu awiri okusainirani, onse olembedwa m'kaundula wa ovota wa m'wodi yanu, ndipo ayenera kuperekedwa pamanja kwa Returning Officer, mkulu woyendetsa chisankho, isanakwane 4 koloko masana pa tsiku la 19 logwira ntchito chisankho chisanafike. Powerenga masikuwa sawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide, ndiye Isitala imakokera tsikulo kumbuyo kuposa mmene mungaganizire. Imbani foni ku ofesi ya zisankho ya khonsolo sabata ino, mupemphe tsiku loti akuonereni mapepala musanawapereke. Nambala ya wovota ikalakwika pa munthu mmodzi wokusainirani mapepala onse atha kukanidwa, ndipo mukapita tsiku lomaliza mulibe mpata wokonza. Tengani theka la tsiku la tchuti kuntchito chifukwa cha ulendo umenewu.

Nthawi yanu yochepayo igwiritseni pa chinthu chimene wina sangakuchitireni, chomwe ndi kuima pakhomo la munthu n'kulankhula naye. Kugawa timapepala perekani kwa anthu amene anakupemphani kuti muime. Aliyense atenge msewu wake kapena iwiri, ndipo muwapatse kamtengo kosalala, ngakhale chipande cha kukhitchini, kokankhira pepala pa kabowo ka makalata, chifukwa agalu ambiri amadikira zala kuseri kwa chitseko. Mawotchi akasunthidwa Lamlungu lomaliza la Malichi madzulo amatalika, ndiye kugogoda kumayenda bwino kuyambira cha m'ma 5:30 mpaka 7:30, komanso Loweruka kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko. Madzulo atatu pa sabata ndi Loweruka limodzi n'zokwanira pa wodi ya kumidzi ngati simukusochera. Mukakhala woimira wovomerezeka muli ndi ufulu wolandira kaundula wa ovota ndi ndandanda ya ovota kudzera pa positi. Yambani ndi a pa positiwo. Mapepala awo amafika cha m'ma milungu iwiri tsiku lovota lisanakwane, ambiri amawabweza masiku oyambirira omwewo, ndipo ndi anthu amene amavotadi. Pa zisankho za makhonsolo nthawi zambiri amavota ndi munthu mmodzi mwa atatu alionse, choncho lembani amene walonjeza kukuvoterani kuti mudzawakumbutse tsiku lomaliza. Pakhomo musapitirire mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo mukaitanidwa kulowa kukamwa tiyi, thokozani mulonjeze kubwera chisankho chikatha.

Musaiwale abale athu. Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Mozambique amene ali ndi chilolezo chokhala ku Britain amaloledwa kulembetsa ndi kuvota ngati nzika za Commonwealth, koma ambiri, makamaka obwera posachedwa kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, sadziwa. Kulembetsa kumatsekedwa masiku 12 ogwira ntchito chisankho chisanachitike, kupempha voti ya pa positi masiku 11, 5 koloko madzulo. Kuyambira Meyi 2023 wovota ayenera kuonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi pamalo oponyera voti, ndipo pasipoti ya dziko la Commonwealth imalandiridwa.

Pa ndalama pali misampha imene imagwira oima pawokha chifukwa alibe chipani chowakumbutsa. Malire a zimene mungawononge, monga anawakwezera kumapeto kwa 2023, ndi mapaundi 960 kuphatikizapo mapeni 8 pa wovota aliyense wa m'wodi. Wodi ya ovota 2,000 ndiye kuti mapaundi 1,120. Ofesi ya zisankho idzakuuzani chiwerengero chenicheni cha ovota. Sungani risiti ya chilichonse chofika mapaundi 20, mu envulopu imodzi imene ana sangaifikire. Lipoti la ndalama limaperekedwa pasanathe masiku 35 zotsatira zitalengezedwa, mwapambana kapena ayi, ngakhale simunawononge kalikonse. Thandizo lopitirira mapaundi 50 liyenera kuchokera kwa wololedwa, monga munthu wolembedwa m'kaundula wa ovota wa ku UK. Ndiye mlamu wa ku Lilongwe kapena mchimwene wa ku Johannesburg akafuna kukutumizirani ndalama za kampeni zopitirira pamenepo, muthokozeni koma musalandire. Pepala lililonse losindikizidwa likhale ndi imprint, kutanthauza dzina ndi adiresi ya wosindikiza, ya wofalitsa ndi ya amene akuimiridwa, ndipo kuyambira Novembala 2023 lamuloli likukhudzanso zimene woimira amaika pa Facebook ndi kwina pa intaneti. Ngati pali mnzanu wodziwa kusunga mabuku a ndalama, mupempheni akhale election agent wanu, woyang'anira ndalama za kampeni mwalamulo. Mukapanda kusankha munthu, lamulo limati agent ndinu nomwe, ndipo ndi katundu wina pamutu panu.

Ziwiri zina n'zokhudza mtima wathu wochereza. Kugulira anthu chakudya kapena zakumwa ndi cholinga chokopa voti ndi mlandu, choncho nkhani yowotcha nyama ndi kuitana mudzi wonse idikire mpaka zotsatira zituluke. Chinanso, kuyambira 2024 wochita kampeni saloledwa kugwira mapepala a voti ya pa positi a munthu wina, kupatula a wachibale wapafupi kapena a munthu amene amamusamalira. Gogo wina akati "mwana wanga, kandiponyere ku positi", kanani mwaulemu ndipo auzeni onse okuthandizani zomwezo.

Za kunyumba ndiye zofunika kuposa zonsezi, ndipo nkhope zikagwa sikuti n'chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito kokha. Kawirikawiri n'chifukwa choti mayi akumva za msonkhano wa madzulo ano pa 4 koloko, iwo atangoweruka. Lamlungu lililonse madzulo khalani pansi awiri ndi kalendala imodzi. Lembani mashifiti a mayi poyamba, kenako za ana, kenako masiku a lamulo a chisankho, ndipo kugogoda kulowe m'mipata yotsala. Madzulo amene mayi ali kuntchito ndi anu ndi ana, osati a kampeni. Sankhaninso madzulo amodzi pa sabata oti nonse muli pakhomo foni ili kutali. Tchuti cha Isitala cha milungu iwiri chimagwera m'kati mwa kampeni, choncho malo ku holiday club, kosungira ana pa tchuti, kapena mgwirizano ndi banja lina konzani lero. Zogula zazikulu itanitsani pa intaneti zibwere pakhomo, ufa gulani thumba lokwana mpaka pakati pa Meyi, ndipo Loweruka madzulo phikani nyemba ndi nkhuku zambiri mugawe m'mabokosi a mufiliza, kuti madzulo pazingotsala kuphika nsima. Ntchito imeneyi igwireni inuyo, isagwere mayi. Palinso nkhani imene ndikukupemphani muikambe msanga: mukapambana, ukhansala ndi wa zaka zinayi, uli ndi misonkhano yambiri ya madzulo ndi madandaulo a anthu osatha, ndipo ndalama yake ndi alawansi chabe, si malipiro osiyira ntchito. Mayi avomere zaka zinayizo akudziwa, osati milungu 7 yokha.

Ana apatseni malamulo atatu a galu ndipo muwalembe pa chitseko cha filiji: osamuponyera mpira kapena ndodo, osalimbirana naye chinthu chili kukamwa, osamuthamangitsa akatola sokosi. Akatola, amuitane, amuyamikire, alandire. Kulimbirana kumamuphunzitsa kuluma mwamphamvu, ndipo galu wophwanya mbalame saitanidwanso kosaka. Nyengo ya Isitala imadzazanso nyumba ndi zinthu zoopsa kwa galu: chokoleti, mabanzi a hot cross okhala ndi mphesa zouma zimene zimawononga impso, ndi mababu a maluwa a daffodil m'dimba. Zotsala za patebulo nazo samalani, ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi wambiri amene amawononga magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kubaya m'mimba. Akadya chimodzi mwa izi imbirani dotolo wa ziweto nthawi yomweyo, osadikira zizindikiro. Pobwera kutchire muzimusecha nkhupakupa m'makutu ndi m'khwapa.

Sabata yomaliza galu angotuluka pa chingwe ndi kusaka kwa mphindi 10, osaposa. Tsiku lovota malo amatsegulidwa 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndipo kuwerenga kumachitika usiku womwewo kapena mawa lake, ndiye pezani munthu wosunga ana ndi wosunga galu wa masiku awiri, Lachinayi ndi Lachisanu. Sukulu zina zimatsekedwa tsikulo chifukwa ndi malo ovotera, funsiranitu. M'chipinda chovotera kawirikawiri amangolola agalu othandiza olumala.

Pali zizindikiro zoti musalimbane nazo nokha. Galu akathamangitsanso nyama kawiri ngakhale mwatsata zonsezi, kapena akangoonetsa chidwi pa nkhosa, pitani kwa wophunzitsa agalu osaka msanga, makamaka amene ali ndi khola la akalulu lophunzitsira kudekha. Ola limodzi pa milungu iwiri iliyonse likwanira, ndipo woyang'anira nyama wa kumene mumavumbulutsa mbalame, bungwe la osaka la BASC kapena magulu a agalu osaka olembetsedwa ku bungwe la agalu la Kennel Club angakulozereni munthu. Ena amasiya galu kwa wophunzitsa mwezi wonse wa Epulo. Ndi njira yabwino kwa amene angakwanitse mtengo wake, koma kaoneni kaye mmene amagwirira agalu, ndipo dziwani kuti galu adzabwera akumvera wophunzitsayo, inu mudzafunika maphunziro anu kuti azikumverani. Akayamba kulira mokwiya munthu akayandikira chakudya kapena chinthu chimene watola, pakhomo pali ana, funsani dotolo wa ziweto akutumizeni kwa katswiri wa khalidwe la agalu. Kusamva kobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupukusa mutu kapena fungo m'khutu kutha kukhala matenda a m'khutu, amene amavutitsa ma spaniel chifukwa cha makutu awo ogwa. Za malamulo a chisankho musadalire zonena za anzanu, funsani ofesi ya Returning Officer kapena werengani malangizo a oimira amene Electoral Commission, bungwe loyang'anira zisankho, imafalitsa. Inuyo mukaona kuti tulo sitikubwera kwa milungu iwiri kapena mukupsera mtima ana pa zinthu zazing'ono, chotsani madzulo amodzi a kugogoda, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi dotolo wanu.

Zotsatira zikatuluka, pumulani sabata imodzi, perekani lipoti la ndalama, ndiye mubwerere kwa galu pa chiyambi penipeni ngati sanaphunzirepo: chingwe chachifupi, kukhala, kuitana, kenako kuchotsa chingwe chachitali pamalo opanda fungo, n'kumapita pang'onopang'ono kumalo a akalulu. Mfuti idzabwere cha mu Julayi kapena Ogasiti kuimitsa kukakhazikika. Mnzanu aime mamita osachepera 100 ndi kamfuti ka starting pistol, aombe kamodzi inu mukuponya kathumba, ndipo mtundawo muziuchepetsa pa masiku angapo, pokhapokha mchira wa galu ukupitiriza kugwedezeka ndipo maso ake ali pa kathumba.